Kamakina ka magemu akale kogwira m'manja: ndigule kati ndi K1,500?

Mwana_wa_Katete
Moni nonse a pa gulu lino. Ndikupempha nzeru kwa amene munagulapo timakina tija ta magemu akale togwira m'manja, timene masiku ano tadzaza pa msika wa pa intaneti wa AliExpress ndiponso m'masitolo ena a ku Kamwala ndi m'tauni. Ntchito yanga imandiyendetsa kawirikawiri pakati pa Lusaka ndi Chipata, ndipo ndikati ndizitayitsa nthawi ndi foni pa basi, timafika pa Nyimba batire itatha kale. Kunyumba nako magetsi akazima madzulo munthu umangokhala manja lende. Ndili ndi K1,500 ya kuno ku Zambia ndipo sindingathe kuwonjezerapo zambiri. Magemu amene ndikufuna ndi omwe tinakula nawo aja: Contra, Super Mario Bros, Sonic, komanso a PlayStation yoyamba, makamaka Tekken 3 ndi mpira wa Winning Eleven. Mayina amene ndikukumana nawo paliponse ndi R36S, Miyoo Mini Plus ndi Anbernic RG35XX, koma wogulitsa aliyense akutama kake, ndipo wina anandiuza kuti kake kali ndi magemu 15,000 komanso kamasewera a PlayStation 2. Kodi pa titatuti ndisankhe kati, ndipo ndisamale ndi chiyani pogula?

KabwataTech
A Mwana_wa_Katete, choyamba musabwererenso kwa wogulitsa amene anatchula PlayStation 2 uja, chifukwa pa ndalama mwanenazo palibe kamakina kamene kangayendetse magemu ake. Amenewo amafuna timakina ta Android monga Retroid Pocket 5, kamene mtengo wake mu 2024 unkapitirira madola 200 musanawerengere zotumizira ndi msonkho. Mwayi wanu ndi wakuti magemu onse mwatchulawo amathera pa PlayStation yoyamba, imene inatuluka mu 1994, ndipo timakina tonse titatu timaikwanitsa.

Kunja timafanana ndithu. Tonse tili ndi sikirini ya mainchesi 3.5, ya timadontho 640 x 480, ndipo maonekedwe ake ndi a 4:3, omwe aja a TV zakale za chimimba kumbuyo, motero chithunzi cha Contra kapena Tekken 3 chimadzaza sikirini osasiya mizere ikuluikulu yakuda m'mbali. Kusiyana kuli m'kati. Miyoo Mini Plus ili ndi purosesa yaing'ono ya SigmaStar ndi RAM (memori yogwirira ntchito) ya 128MB yokha, ndiye malire ake enieni ndi PlayStation yoyamba yomweyo. R36S ili ndi Rockchip RK3326 ndi RAM ya 1GB. Kumbali ya Anbernic musamale ndi dzina, pakuti RG35XX ndi banja lonse, osati kamakina kamodzi. Koyamba ka mu 2022 kanali ndi RAM ya 256MB, pamene RG35XX Plus, RG35XX H ndi RG35XX SP tili ndi purosesa ya Allwinner H700, RAM ya 1GB, WiFi, Bluetooth komanso polumikizira HDMI. Timeneti timayesako magemu ena a Nintendo 64, Dreamcast ndi PSP, ngakhale kuti si onse amene amayenda mosadukiza.

Ndikanakhala inu ndikanatenga RG35XX H, ndipo chifukwa chake ndi Winning Eleven mwatchulayo. Mpira umenewo umafuna chala chikhale pa R1 ndi L1 nthawi zonse, pothamanga ndi posintha wosewera. Pa timakina toimirira ngati Game Boy mabatani amenewo ali kumbuyo, pamalo pamene zala zimapindika movutikira, pamene H ndi kogona chopingasa ndipo mabataniwo ali pamwamba, pamene dzanja lozolowera padi ya PlayStation limawafufuza.

Gogo_Contra
Sindikutsutsa zimene a KabwataTech anena pa nkhani ya mphamvu, koma mphamvu imene munthu sudzaigwiritsa ntchito siyenera kulipiridwa. Ine ndili ndi Miyoo Mini Plus, ndipo chimene chimaikweza ndi pulogalamu ya OnionOS, imene anthu okonda timakinati anailemba n'kuigawa kwaulere. Ukadina batani lozimitsira pakati pa gemu, kamakinako kamasunga pamene wafika, ndipo ukakayatsanso kamakubwezera pomwepo popanda kuyendayenda m'mamenyu. Kwa munthu wa pa basi, amene amatsika pa Luangwa kukagula nsomba, kenako n'kukweranso mothamanga, zimenezi n'zofunika kuposa purosesa. Kamalowanso m'thumba la shati, zimene H ya a KabwataTech siingachite.

Tekken_Chilenje
Kamalowa m'thumba la shati, inde, koma yesani kusewera Tekken 3 ola lathunthu pa kanthu kopapatiza choncho, mudzamva mmene zala zimachitira dzanzi. Ndiponso Miyoo Mini Plus ilibe HDMI kapena Bluetooth, ndiye iwalani zolumikiza ku TV kuti musewere awiri magetsi akabwera.

WaKamwala
Nonsenu mukulankhula ngati kuti mnzathuyu ndalama zikumusefukira m'thumba. R36S nthawi zambiri imapezeka pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi tiwiri tinato, ndipo magemu onse amene watchula imawayendetsa bwino lomwe. Ili ndi timitengo tiwiri ta analogi, ili ndi malo awiri a memori khadi, ndipo batire yake imachotseka mosavuta mukangotsegula kachitseko kumbuyo. WiFi ilibe, n'zoona, koma pa msewu wa Great East munthu ukufuna WiFi ya chiyani? Ndalama zotsalazo agulire khadi labwino ndi mahedifoni, kuti asasokoneze anzake pa basi ndi phokoso la mfuti za mu Contra. Kugula kamakina kodula n'kutsala wopanda ndalama ya khadi n'kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri kwa oyamba kumene.

Chimbalangondo
A WaKamwala, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto la R36S silili pa mtengo koma pa mfundo yakuti dzinali lilibe mwini mmodzi woliteteza, ndipo mafakitale osiyanasiyana amalidinda pa zinthu zawo. Mlamu wanga anagula kake m'sitolo ina m'tauni, ine kanga ndinaitanitsa pa intaneti. Titatiika pamodzi patebulo, makatoni anali ofanana, pulasitiki yoonekera m'kati ija inali yofanana, ngakhale kapepala komata kumbuyo kanali kofanana. Titatiyatsa, kanga kanalemba ArkOS, kake kanalemba EmuELEC (awa ndi mayina a mapulogalamu oyendetsera kamakina), ndipo titalowa m'zoikamo, kake kanaonetsa theka la RAM imene inalembedwa pa katoni. Pa Super Mario sunkatha kusiyanitsa, koma titaika Crash Bandicoot, mawu a kake anayamba kudukaduka. Anagula khadi lina kuti aikemo ArkOS, ndipo atakayatsa sikirini inangoti bii, popanda chilichonse chooneka. Atabwerera kusitolo kuja anamuuza kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Munthu woyamba kumene, amene sadziwa poyang'ana, angadziwe bwanji kuti wapatsidwa kati? Pa Anbernic ndi Miyoo mumadziwa kampani imene mukuchita nayo, ndipo ali ndi masitolo awoawo pa AliExpress.

KabwataTech
Za timakina tabodza mwanena zoona, a Chimbalangondo, ndipo RAM yochepa pamodzi ndi EmuELEC ndi zizindikiro zokwanira. Koma ndiwongole pang'ono pa nkhani ya sikirini yakuda, kuti wina asataye kamakina kabwinobwino. Ngakhale R36S yeniyeni imatha kuchita zomwezo, chifukwa opanga akhala akusinthasintha mtundu wa sikirini imene amaikamo, ndipo sikirini iliyonse imafuna fayilo yakeyake yothera ndi .dtb imene imauza pulogalamu mmene ingalankhulire nayo. Fayilo imeneyi imakhala pa khadi limene linabwera ndi kamakinako, m'chigawo chotchedwa BOOT. Ndiye aliyense amene wagula R36S, asanachite china chilichonse, alowetse khadilo mu kompyuta n'kukopera zonse za m'chigawo chimenecho pamalo otetezeka. Mukaika ArkOS pa khadi latsopano, mumabwezeramo fayilo yanu ija, sikirini n'kuyaka. Amene amafufuta khadi loyambalo asanakopere ndiwo amavutika kuyesa mafayilo a anthu ena limodzilimodzi. Ichi ndi chifukwa china chimene sindikuperekera R36S kwa munthu amene akungofuna kuyatsa n'kusewera.

WaKamwala
Kukopera foda imodzi si ntchito yoopsezera nayo munthu wamkulu. Koma ndikuvomereza kuti ngati alibe kompyuta kunyumba, R36S imuvutitsa.

Mphunzitsi_Matero
Ndikufuna ndikhazikike pa nkhani ya khadi, chifukwa kaya musankha kati, pamenepa ndi pamene ambiri amalirira. Makhadi amene amabwera m'timakinati nthawi zambiri alibe dzina la kampani iliyonse, ndipo amafa mosachenjeza. La mwana wa mchemwali wanga linafa atafika kutali kwambiri mu Pokémon, ndipo chimene chinamupweteka si magemu, amene angapezekenso, koma zimene anasunga, zimene sizibwereranso. Pa timakina ta Anbernic ndi R36S pulogalamu yoyendetsera kamakina imakhala pa khadi pomwepo, ndiye khadi likafa kamakinako sikayakanso, ndipo munthu amaganiza kuti kapsa pamene vuto ndi kanthu kakang'ono kosinthika.

Gulani khadi la SanDisk kapena Samsung, koma dziwani kuti mayina amenewa ndi amenenso achinyengo amakonda kudinda. Khadi labodza limalembedwa 128GB ndipo kompyuta imaonetsadi 128GB, pamene malo enieni m'kati ndi ochepa kwambiri. Mukapitirira malo enieniwo, limayamba kulemba pamwamba pa zakale popanda kukuuzani, ndipo mafayilo amaoneka kuti alipo koma satseguka. Njira yodziwira ndi pulogalamu yaulere ya pa Windows yotchedwa H2testw, imene imadzaza khadi lonse kenako n'kuwerenga ngati zimene inalemba zilipodi. Imatenga nthawi, koma ichiteni tsiku lomwe mwagula, lisiti lili m'manja.

Musavutike ndi khadi lalikulu. Gemu ya NES (Nintendo yakale ya Contra ndi Super Mario Bros) nthawi zambiri sifika 1MB, ya Super Nintendo yaikulu kwambiri ndi 6MB, ya Game Boy Advance sipitirira 32MB. A PlayStation okha ndiwo amadya malo, chifukwa CD imodzi imafika pafupifupi 700MB, koma mukawasandutsa mafayilo a CHD amachepa osataya kalikonse. Khadi la 64GB likukwanirani n'kutsala.

Mwana_wa_Katete
Zikomo kwambiri nonse, ndikulemba zimene mukunenazi. Nanga magemu 15,000 aja ndi enieni? Wogulitsa wina amakweza mtengo molingana ndi kuchuluka kwa magemu, ndipo ndimaganiza kuti mwina n'koyenera kuwonjezera ndalama kuti ndipeze ochuluka.

Gogo_Contra
Musawonjezere ngakhale ngwee imodzi. Chiwerengero chimenecho amachipeza poika gemu imodzi kangapo: ya ku Japan, ya ku America, ya ku Ulaya, ina yokonzedwa pang'ono, ina yosokonezedwa ndi anthu ongoseweretsa. Ambiri ali m'Chijapanizi, ena sayaka n'komwe, ndipo amene inu mukufunawo mwina mulibemo. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 chinyengo chimenechi timachidziwa kale. Mukukumbukira makatiriji achikasu aja olembedwa 9999 in 1, amene tinkalowetsa mu TV game? Unkatsika mndandanda wonse mpaka chala kuwawa, n'kupeza kuti ndi magemu ochepa omwewo, Tank, Mario, Duck Hunt ndi anzake, ongosinthidwa dzina kapena poyambira. Makina amenewo sanali a Nintendo ayi, anali otengera Famicom ya ku Japan ya mu 1983, n'chifukwa chake ambiri a ife Nintendo yeniyeni tinadzaiona titakula kale. Tinkauzira mpweya m'katiriji chithunzi chikasokonekera, ndipo adaputala inkatentha mpaka amayi kuizula pakhoma poopa moto.

Tekken_Chilenje
Kwathu abambo ankati TV game imawononga TV, ndiye tinkasewera iwo ali kuntchito n'kuiziziritsa ndi nsalu yonyowa asanafike, chifukwa ankayamba ndi kugwira pamwamba pake kuti amve ngati yatentha. PlayStation tinkailipirira m'kantemba ka pafupi ndi msika, wogonja n'kupereka padi kwa wotsatira pamzere. Amene ankasankha Eddy Gordo n'kumangodina mabatani a miyendo tinkamuona ngati wopanda ulemu. Koma tibwerere ku funso la mnzathu tisanamusocheretse.

Dzuwa_la_Mtendere
Ine ndikudabwa kuti palibe amene wanena chinthu chodziwikiratu. Foni ya Android imene mwagula m'zaka zapitazi ndi yamphamvu kuposa timakina tonse titatu mukukanganiranati. Ikanimo RetroArch ya magemu akale, DuckStation ya PlayStation ndi PPSSPP ya PSP, kenako gulani padi ya Bluetooth yokhala ndi kogwirira foni. Ngakhale a iPhone alibenso chodandaula, chifukwa kuyambira mu April 2024 Apple inalola mapulogalamu otere, ndipo imodzi mwa iwo, Delta, inalowa mu App Store mwezi womwewo. Ndi K1,500 mupeza padi yabwino ndi power bank, ndipo magemu a PSP adzayenda bwino kuposa mmene angayendere pa H700. Bwanji kunyamula zinthu ziwiri pamene chimodzi chili kale m'thumba?

Mwana_wa_Katete
Mfundo yanu ndi yomveka, a Dzuwa_la_Mtendere, koma foni imeneyi ndi imene abwana amandiimbirapo, ndi imene ili ndi ndalama zanga za pa foni, ndiponso ndi tochi yanga magetsi akazima. Sindikufuna kufika pa Chipata usiku ndilibe poimbira wondilandira chifukwa cha Sonic. Komanso uthenga wa WhatsApp ukamalowa pakati pa gemu, maganizo amabwerera kuntchito. Ndikufuna kanthu kapadera kamene kakatha moto palibe chimene chawonongeka.

Mlendo_wa_Lundazi
Popeza mwafika pa nkhani ya moto, ndiwonjezere chimene ogulitsa satchula. Timakina tambiri totsika mtengoti tili ndi polowetsera USB-C, koma sititchajika ndi tchaja za mafoni amakono zija za chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri. Tchaja zimenezo zimadikira chizindikiro kuchokera ku chipangizo zisanatulutse mphamvu, ndipo opanga ena anasiya tizipangizo tiwiri ting'onoting'ono topereka chizindikirocho kuti achepetse mtengo. Mumalumikiza, palibe chikuchitika, n'kuganiza kuti batire yafa. Gwiritsani ntchito tchaja wamba ya 5V ndi chingwe chimene mbali ina ndi USB yaikulu yakale ija, monga chimene chimabwera m'katoni.

RG35XX H ili ndi batire ya 3300mAh, Miyoo Mini Plus ya 3000mAh. Opanga a Anbernic amalemba maola 8, koma pa magemu a PlayStation sikirini itawala kwambiri muyembekezere ochepera pamenepo. Chepetsani kuwala, zimitsani WiFi ndi Bluetooth, ndipo batire idzapirira gawo lalikulu la ulendo wa ku Chipata. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba n'kumakhala tsiku lonse opanda magetsi, power bank ya 10,000mAh inkadzaza kanga pafupifupi kawiri. Chenjezo limodzi: musakasiye padzuwa pawindo la basi kapena m'galimoto yotsekedwa mu October, chifukwa batire za mtundu umenewu zikatenthedwa zimatupa, ndipo yotupa siyenera kutchajidwanso.

Mayi_wa_Atatu
Pepani kulowerera nkhani ya eni ake, koma ndakhala ndikuwerenga ndi chidwi. Mwana wanga wamwamuna wa giredi 4 amalimbirana nane foni tsiku lililonse, ndipo ndikuganiza kuti kamakina kopanda intaneti kangakhale bwino kuposa kumusiyira YouTube. Kodi mwa timene mwatchulati, kati kangapirire m'manja mwa mwana amene amagwetsa chilichonse? Ndipo kodi magemu amene amabweramowo ndi oyenera ana onse?

Mphunzitsi_Matero
Mayi, funso lanu lachiwirilo ndi lofunika kuposa loyamba. Khadi lobwera ndi kamakina musamupatse mwana musanaliyang'ane. Ogulitsa amangothiramo mulu wonse wa magemu osasankha, ndipo kuwonjezera pa Mortal Kombat, imene magazi ake mukuwadziwa, m'mafoda a magemu a arcade mumapezeka ena a ku Japan okhala ndi zithunzi zosayenera mwana ngakhale pang'ono. Konzani khadi lanu, muikemo magemu ochepa amene mwawaona nokha. Mwana wopatsidwa magemu khumi amawasewera mpaka kumapeto, pamene wopatsidwa zikwi amangotsegula ndi kutseka. Pali pulogalamu yotchedwa MinUI imene imangoonetsa mndandanda wa mayina, popanda zoikamo zambiri zoti mwana asokoneze.

Za kugwa, RG35XX SP imapindika ngati Game Boy Advance SP, ndiye sikirini imabisika ikakhala m'chikwama. Koma polumikizira zigawo ziwirizo ndi pamene pangathyoke mwana akamatsegula mwamphamvu. Ine kwa mwana wa msinkhu umenewo ndingasankhe koimirira kopanda timitengo ta analogi, monga RG35XX Plus, n'kumata galasi loteteza sikirini tsiku loyamba.

Kalulu_wa_Libala
Ndikudziwa kuti zimene ndinene sizikondweretsa ambiri, koma gulu ngati lino liyenera kuuza anthu zoona zonse. Pulogalamu yotsanzira makina akale payokha si yoletsedwa. Ku America khoti la apilo linagamula mu 2000 mokomera kampani ya Connectix, imene Sony inaisumira chifukwa cholemba pulogalamu yoseweretsa magemu a PlayStation pa kompyuta. Koma magemu enieniwo ali ndi eni ake, ndipo kukalamba kwa gemu sikuchotsa umwini. Amene amadzaza makhadi ndi magemu zikwizikwi n'kumagulitsa sanapemphe chilolezo kwa Nintendo, Sega kapena Konami. Kuno ku Zambia tili ndi lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994, ndipo mapulogalamu a kompyuta ali m'gulu la zotetezedwa. Makampaniwa sagona ayi: mu March 2024 amene ankapanga Yuzu, yotsanzira Nintendo Switch, anavomera kulipira Nintendo madola 2.4 miliyoni n'kutseka ntchito yawo. Amene akufuna kuyenda mowongoka ali ndi njira. Angathe kukopera ma CD ake a PlayStation ngati anawasunga, angapeze magemu atsopano a Game Boy ndi NES amene olemba ake amagawa kapena kugulitsa okha pa webusaiti ya itch.io, ndipo pali Evercade ya ku Britain imene imagulitsa makatiriji a magemu akale ndi chilolezo cha eni ake.

WaKamwala
A Kalulu, ndiuzeni sitolo imodzi mu Lusaka muno imene ndingagule Contra yatsopano ya NES n'kulandira lisiti, mawa lomwe ndikagula.

Kalulu_wa_Libala
Palibe, ndipo n'chifukwa chake sindikuweruza munthu wosewera Contra pa basi. Ndikungofuna kuti mnzathuyu adziwe kuti ndalama imene wogulitsa akuwonjezera chifukwa cha magemu 15,000 ndi ya katundu amene wogulitsayo alibe naye ufulu, ndipo chimenecho n'chifukwa chinanso chokanira kuilipira.

Tekken_Chilenje
Tikambeko za kumene angagule, chifukwa mtengo umene mumauona pa AliExpress si umene mudzalipire pomaliza. Pamabwera zotumizira, pangabwere msonkho wa katundu wolowa m'dziko pamodzi ndi VAT ya 16 peresenti, ndiponso kudikira kwa milungu ingapo. Kakafika kali ndi vuto, kukabweza ku China n'kosatheka kwenikweni. Kugula kuno kumadula pang'ono, koma mumagwira ndi manja musanalipire, ndipo pa K1,500 ine ndikuona kuti kusiyanako n'koyenera kulipira ngati si kwakukulu. Ngati mwapeza wogulitsa pa Facebook, musatumize ndalama pa foni musanaone katunduyo. Kumanani pamalo a anthu ambiri monga pa masitolo akuluakulu a Levy kapena East Park mu Lusaka.

Mukakagwira, chitani izi wogulitsa akuona. Tsegulani Contra, dinani pansi kuti msilikali agone, kenako gwedezani chala pang'ono kumanja ndi kumanzere osachichotsa. Akangodzuka n'kuyamba kuyenda, mtanda wa mabatani oyendetsera uli ndi vuto lodina mbali ziwiri nthawi imodzi, ndipo lidzakuphetsani pa gemu iliyonse. Kenako tsegulani Street Fighter II muone ngati moto wa Ryu ukutuluka mukafuna. Dinani L1, L2, R1 ndi R2 limodzilimodzi, lowetsani mahedifoni mumve ngati mbali zonse ziwiri zikulira, ndipo yang'anitsitsani sikirini pamene yada kuti muone ngati pali kadontho kowala kosasuntha kapena kuwala kotuluka m'mphepete. Pomaliza lumikizani tchaja muone ngati kakulandira moto. Wogulitsa wokana kuti muyese zimenezi, musiyeni ndi katundu wake.

Gogo_Contra
Chinthu chimodzi chimene achinyamata simukuchiganizira ndi maso. Mainchesi 3.5 ndi ochepa kwa munthu amene wayamba kutalikitsa nyuzipepala powerenga, ndipo basi ikamagwedezeka mayina a osewera mu Winning Eleven saoneka. Pali RG40XX H, ya purosesa yomweyo ya H700 koma sikirini ya mainchesi 4. Palinso Trimui Smart Pro ya pafupifupi mainchesi 5, koma imeneyo ndi ya 16:9, ndiye magemu a 4:3 amasiya mizere yakuda m'mbali ndipo mbali ina ya ukuluwo imangowonongeka. Ndikuikirabe kumbuyo Miyoo yanga, koma ine ndimavala magalasi.

Mwana_wa_Katete
Maso anga akadali bwino, agogo, koma ndifunsa mtengo wa RG40XX H, ndipo ngati kusiyana kuli kochepa nditenga imeneyo. Apo ayi nditenga RG35XX H, ndi khadi la 64GB limene ndiliyesa ndi H2testw pa laputopu ya kuntchito. A WaKamwala musakhumudwe, R36S ndaiopa chifukwa cha nkhani ya mlamu wa a Chimbalangondo. Funso lomaliza kwa a KabwataTech: ndaona anthu akutchula muOS ndi Knulli. Kodi ndiyenera kuika imodzi mwa zimenezi tsiku loyamba, kapena pulogalamu imene imabweramo ndi yokwanira?

KabwataTech
Yobweramoyo ndi yokwanira poyambira, ndipo ndi bwino muizolowere kaye kuti mudziwe chimene chikukusowani musanasinthe. Tsiku loyamba ingokoperani khadi lobwera nalo lonse pa laputopu, makamaka foda ya BIOS, chifukwa magemu ena a PlayStation sayenda bwino popanda mafayilo amenewo. Mukadzafuna kusintha, muOS ndi yopepuka ndipo imayaka msanga, pamene Knulli, yochokera ku pulogalamu ina yotchedwa Batocera, ili ndi mamenyu okongola a zithunzi za makatoni a magemu koma imachedwerapo poyaka. Zonse ziwiri ndi zaulere, ndipo mumazilemba pa khadi ndi pulogalamu monga balenaEtcher kapena Rufus. Popeza kamakinako kali ndi malo awiri a khadi, mungaike pulogalamu pa loyamba ndi magemu pa lachiwiri, kuti mukasintha maganizo musakoperenso zonse. Ndipo pozimitsa, muzidutsa pa menyu n'kusankha kuzimitsa, osati kudina kabatani ka Reset, chifukwa kudula moto khadi likulemba ndi njira yachidule yowonongera zimene mwasunga. Mukakagula lembani pano mtengo umene mwapeza, kuti a Mayi_wa_Atatu adziwe poyambira kunenerera.